Nsapato za pa Idi

Mayfair, Joni
18 Febuluwale 2024

Amake Zakia,

Asalamu alaikumu. Choyamba ndifunse za moyo wanu, wa mwana wathu Zakia, ndi wa amayi. Kodi mwendo wawo uja ukuwalola kufika kumzikiti? Ine kuno ndili bwino, Alhamdulillah, kupatula chifuwa cha fumbi la mabulangete chimene aliyense wa pafakitale pathu amayenda nacho ngati yunifomu.

Mudabwa kulandira kalata pomwe foni ndili nayo. Nkhani ndi yakuti m'chipinda chathu timagona anthu asanu ndi mmodzi, ndipo ndikamaimba foni onse amakhala chete ngati ali kumzikiti Lachisanu. Atatu mwa iwo ndi abale a Che Jaffalie, kapitawo wathu wa ku Namwera uja amene anandipezera ntchito. Ndiye pafoni muzingomva kuti tili bwino. Zinazo ndizilemba, Che Hamisi a thiransipoti azikupatsirani m'manja akamabwera ndi katundu. Musaseke kalembedwe kanga, inunso kanu kamaoneka ngati padutsa nkhuku.

Za maliro a Swadick munamva kale, ndipo ndikudziwa kuti kulira kwa amayi ake kukumveka pakhomo panu poti mpanda ndi umodzi. Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titaika kale. Che Jaffalie anathamanga zedi: pepala la dokotala, galimoto, sanda yokulungira mtembo, manda, zonse tsiku limodzi. Anthu akuwayamikira kuti anasunga chipembedzo, poti mtembo wa Msilamu sugonetsedwa. Pepalalo likuti anagwa khunyu ali pantchito. Ine ndinakula naye Swadick, tinapalasa bwato limodzi ku Malombe zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sindinamuonepo akugwa. Koma ine si dokotala.

Womusambitsa ndinali ine. Ntchito ya bambo anga ija inanditsatira mpaka kuno, moti wakwathu akamwalira amathamangira kwa Husseni. Munandiuza pafoni kuti amayi ake akufuna kudziwa mmene mwana wawo ankaonekera. Muwauze kuti anali ngati wagona tulo. Muwauze choncho basi.

Ndatumiza bulangete la amayi, mafuta ophikira ndi sopo. Alamu anga muwauze kuti ukonde usamagone padzuwa. Akauwononga ngati chaka chatha adzausoka ndi mano. Ndamva kuti madzi akukwera chaka chino, ndiye thandala loyanikapo usipa mulisunthire kumtunda, kuseri kwa mtengo wa mango.

Ndine mwamuna wanu,
Husseni

Mayfair, Joni
24 Malichi 2024

Amake Zakia,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti Ramadhani ikukuyenderani bwino kwa Mpondako. Zakia asalimbane ndi kusala tsiku lonse, akadali mwana, theka likwana. Ine ndili bwino.

Ndamva kuti mpunga ndi mbuzi za sadaka ya Swadick ya masiku makumi anayi zafika, zochokera kwa Che Jaffalie. Ngati mwaitanidwa kukathandiza kuphika, kaphikeni.

Kuno kunabwera apolisi. Pali mnzathu wina, Willard, wa ku Katuli, makolo ake anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Iye ankagwira ntchito pafupi ndi sitolo yosungira katundu. Anapita yekha kupolisi kukanena kuti Lolemba lija, tsiku loti Swadick amwalira mawa lake, anamva Swadick akulira m'sitolomo atamutsekera ndi alonda awiri, pa nkhani ya mabulangete amene akuti anasowa. Willard ndi munthu wosakhalitsa ndi mawu m'kamwa, ndinamuuzapo kale.

Apolisiwo anakhala mu ofesi n'kumatiitana mmodzimmodzi. Poti Chingerezi changa ndi cha moni ndi mitengo ya zinthu, womasulira anali Che Jaffalie. Wapolisi anafunsa funso lalifupi. Che Jaffalie anati, "Akufunsa ngati unaona chilichonse pathupi pomusambitsa." Kenako anawonjezera m'Chiyao, akumwetulira, mawu amene wapolisiyo sananene: "Wosambitsa maliro saulula zimene waona. Bambo ako anakuphunzitsa bwino, ndinkawadziwa ine."

Zimenezo n'zoona, Amake Zakia. Bambo ankati chimene waona pansi pa nsalu umapita nacho kumanda kwako. Ndiye ndinayankha kuti sindinaone kanthu, analemba, ine n'kusayina. Wapolisi anatseka buku lake msanga, zikuoneka kuti nayenso anali ndi kwina kopita.

Madzulo ake Che Jaffalie ananditumizira bokosi la zipatso za tende, zodya pomasula swaumu ya Ramadhani. Mawa lake anandichotsa kumakina a fumbi n'kundiika kolongedza, kumene munthu amagwira ntchito atakhala pampando. Anzanga akuti ndakwezedwa.

Musaganize kuti ndinachita mantha. Ine ndi uja ndinabweretsa bwato kumtunda pa mwera umene unamiza malemu a Chipala, inu mukulira pagombe ngati mwafedwa kale. Ndinangosunga mwambo. Kungoti masiku ano ndikamasamba m'manja pokonzekera swala ndimachedwa pampopi, mpaka wa kumbuyo kwanga amatsokomola.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale alamu anene zotani. Mundilembere, Che Hamisi abwerera kuno Idi ikangotha.

Ndine wanu,
Husseni

Mayfair, Joni
21 Epulo 2024

Amake Zakia,

Asalamu alaikumu. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndasangalala kumva kuti nonse munadya Idi muli bwino. Ine thupi lili bwino.

Mwandithokoza chifukwa cha nsapato zofiira zimene Zakia anavala pa Idi. Mwati anabweretsa ndi bambo wina wa njinga yamoto, kuti zachokera ku Joni, ndipo zinamukwana ndendende ngati anachita kumuyeza. Ndawerenga pamenepo katatu. Ine sindinatumize nsapato. Zanga zonse zimadzera kwa Che Hamisi, inu mukudziwa.

Mwini wake ndamudziwa Lolemba. Ndikulowa pageti Che Jaffalie anandigwira dzanja, moni wautali ngati wa pa ukwati, osalisiya dzanjalo. Anati, "Nsapato zamukwana mwana? Zakia, eti? Wa Sitandade 3, amene amabwerera yekha kuchokera kumadrasa kudzera njira ya kumanda? Mng'ono wanga akuti ndi mwana waulemu kwambiri." Anafunsanso za mwendo wa amayi, anatchula kuti ndi wakumanzere. Ine ndinathokoza. Ndikanatani, munthu wagulira mwana wako nsapato?

Willard kulibe. Anamugwira pasiteji ya minibasi chifukwa chosowa mapepala. Pasitejipo panali a kwathu oposa khumi opanda mapepala, koma anafikira pa iye yekha, ndipo dzina lake ankalidziwa. Akuti ali kumalo kosungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Pasipoti yanga ili m'kabati ya Che Jaffalie pamodzi ndi za anzanga onse, amati amatisungira kuti zisabedwe. Masiku amene anandidindira pachipata anatha kalekale, zimenezonso akuzidziwa.

Tsono mverani. Zakia asamayendenso yekha. Popita kusukulu ndi kumadrasa muzimuperekeza inu kapena alamu, ndipo njira ya kumanda ija aisiye, azizungulira kumsika. Musandifunse pafoni chifukwa chake. Nsapatozo azivala, musazibise, anthu aziona kuti tinalandira. Wa njinga uja akabweranso mumupatse mpando ndi madzi akumwa, koma m'nyumba asalowe.

Mwati madzi afika pa chitsa cha bwemba. Ngati apitirira, chimanga muchikweze pamwamba, ndipo amayi akagone kwa achemwali anu kumtunda mpaka aphwe.

Kuno kwayamba kuzizira. Sindikugona bwino, koma mwina ndi tiyi.

Ndine wanu,
Husseni

Mayfair, Joni
19 Meyi 2024

Amake Zakia,

Asalamu alaikumu. Moni kwa inu, kwa Zakia ndi kwa amayi. Ndili bwino, ndipo lero muli ndi mwamuna wophunzira, chifukwa ndatola liwu la Chingerezi lalitali ngati njoka.

Lachisanu potuluka mumzikiti anandiimitsa mayi wina, dzina lake Thandi. Amagwira ntchito ku ofesi yothandiza alendo pa nkhani za malamulo. Bambo ake anali a ku Dedza, anabwera kumigodi osabwereranso, ndiye amalankhula Chichewa chotsimphina koma chomveka. Willard anamuimbira asanamukweze basi yobwerera kumudzi, n'kumupatsa dzina langa. Tinakhala m'kalesitilanti ka Asomali, ine maso ali kukhomo.

Anati mlandu wa Swadick wagona chifukwa mboni imodzi yabwezedwa kwawo ndipo ina inasayina kuti sinaone kanthu. Ina ija ndi ine. Anati ndikhoza kupereka sitetimenti yatsopano, koma a khoti adzafunsa chifukwa chimene ndinanamira poyamba, poti kunama utalumbira ndi mlandu. Kenako anatenga kapepala ka lisiti n'kulemba kuseri kwake liwu ili: intimidated. Anandifunsa ngati ndi zimene zinandichitikira.

Ndinafunsa tanthauzo. Atayamba ndi mawu akuti mantha, ndinaimirira. Ndinati mayi, ine ndine msodzi, mantha anga ndinawasiya m'mimba mwa amayi anga. Iye sanaseke. Anati ndikhale pansi, sanamalize.

Anafotokoza chonchi. Mantha wamba ali ndi liwu lake, ndipo amenewo ndi ako, monga kuopa mphezi kapena ng'ona. Ng'ona sikonza zoti iwe uope. Koma liwu ili amaligwiritsa ntchito pamene munthu wina wachita kukukonzera manthawo mwadala, n'kukusenzetsa, kuti uchite zofuna iye kapena utseke pakamwa. Ndi kuopsezedwa, koma kosafuna chibonga kapena kukalipa. Munthu akhoza kukuchita zimenezi akumwetulira, pongoima pafupi nawe, kapena pongokuonetsa kuti akudziwa kumene kumagona ana ako. Atanena zimenezo ndinayang'ana m'kapu. Za nsapato ndinali ndisanamuuze.

Anati kunja kuno anthu amalitchula ngakhale pa zazing'ono. Mwana wofika kumene pasukulu yaikulu amati ali intimidated, mwamuna woopa kufunsira mkazi wophunzira amateronso. Ndinati basi ndiye ine ndinali intimidated ndi amalume anu tsiku lija ndinabwera kudzafunsira mbeta, atakhala pampando wa ndalema osaphethira. Apo anaseka. Koma anati kukhoti liwuli ndi lolemera, ndipo siliyenda lokha. Ukangoti "I was intimidated," funso lotsatira ndi lakuti, ndi ndani? Pamenepo pamafunika dzina la munthu, ndi zimene anachita, ndi tsiku lake.

Anandiyesetsa kulitchula. Lilime langa limapunthwa pakati, pa "mi" ndi "de" apo, moti mtsikana wogulitsa tiyi anabisa nkhope. Nditalikhoza, Thandi anafunsa mwakachetechete, "By whom? Ndi ndani?" Ine ndinati Che Jaffalie ndi munthu wabwino, anandipezera ntchito, anaika m'bale wathu mwaulemu, sanandiloze ndi chala chomwe. Thandi anati sanatchule dzina la munthu aliyense iye.

Ndinachoka osatsanzika bwino. Ndinamukwiyira mayi ameneyu, ndipo mpaka pano ndikadakwiya, chifukwa ndisanakumane naye ndinali munthu wosunga mwambo. Kapepala kaja sindinataye, kali m'kati mwa kofia yanga.

Ndatumiza majuzi awiri ndi shuga. Ya buluu ndi ya Zakia.

Ndine wanu,
Husseni

Mayfair, Joni
23 Juni 2024

Amake Zakia,

Asalamu alaikumu. Ndathokoza Allah kumva kuti madzi ayamba kubwerera ndipo amayi abwerera m'nyumba mwawo. Kuno chisanu chafika poti madzi a pampopi amaluma. Ine ndilipo.

Kalata yanu yandilanda chakudya m'kamwa. Mwati munakafunsa kwa mwalimu wa kumadrasa, ndipo anakumbuka kuti m'mwezi wa Ramadhani kunabwera bambo wa njinga yamoto ana ali m'kati. Anafunsa kuti pa mulu wa masilipasi a pakhomo, a mwana wa Husseni ndi ati. Anawatola, n'kuwatembenuza, n'kuwerenga nambala. Mwalimu anaganiza kuti ndi m'bale. Ine chiwerengereni ndikungoona dzanja la munthu wosamudziwa litagwira silipasi ya mwana wanga, iye ali m'kati akuwerenga alifu ndi bee. Ndikuopa, Amake Zakia. Ndalemba ndi dzanja langa, muone.

Mwatinso Willard anafika kwa Mponda kuchokera ku Katuli kudzapepesa maliro, ndipo anawauza amayi a Swadick zimene anamva m'sitolo muja. Ndiye iwo anamuyankha kuti sizingatheke, chifukwa Husseni amene anamusambitsa ndi manja ake anati anali ngati wagona tulo, ndipo Husseni sanganame pa maliro. Mwati mpaka pano amandichitira duwa, kundipempherera kwa Allah. Bola akananditukwana.

Mwandifunsa mosazungulira kuti ndinaona chiyani. Ndikuuzani, koma tsamba lino mukawerenga muliponye pamoto. M'manja monse muwiri munali mabala a chingwe. Msana wonse unali mikwingwirima yakuda, ina yotseguka. Pomutembenuza, nthiti za kumanja zinkasuntha pansi pa dzanja langa ngati nsungwi zothyoka. Che Jaffalie anaima pakhomo la chipinda chosambitsiramo kuyambira poyamba mpaka ndinamanga sanda, ndipo ondithandiza kuthira madzi anali abale ake awiri.

Ndinapita kwa Shehe wa pamzikiti wathu. Sindinatchule dzina, ndinangofunsa ngati wosambitsa angaulule zimene waona. Anati chimene timabisa ndi chilema kapena manyazi a womwalirayo, kuti asanyozeke. Mabala amene anthu ena amupatsa si manyazi ake, ndi a anthu amenewo, ndipo palibe buku limene limatiuza kuti tiwabisire. Ndiye mwambo umene ndinabisalamo uja wandikana.

Komabe ndaganiza chonchi. Ndikhala chete mpaka Disembala, ndipemphe pasipoti yanga mwaulemu, ndibwere kumudzi. Swadick sadzuka ngakhale nditalankhula Chingerezi chotani, pomwe Zakia ali moyo ndipo amayenda pamsewu. Inu musachite kalikonse. Amayi a Swadick musawauze. Ndikupemphani, kamodzi kokha pa moyo wanu mundimvere.

Ndine wanu,
Husseni

Mayfair, Joni
14 Julayi 2024

Ajira,

Asalamu alaikumu. Lero ndakutchulani dzina lanu lenileni. Za moyo ndifunsa kumapeto, panopa mtima uli m'mwamba.

Mwachita chiyani? Ndinati tsamba lija muwotche, inu mwakaliwerenga kwa amayi a Swadick. Ndinati musachite kalikonse, inu mwamuvula mwana nsapato, mwazikulunga m'nyuzipepala, mwakwera minibasi ya ku Namwera ndi mayi wofedwayo, mwakaziika pakhonde pa akazi a Che Jaffalie dzuwa lili pamutu, tsiku la msika. Ndipo akuti munanena kuti, "Zatithina." Nkhaniyi sindinaimve kwa inu. Yafika kuno pafoni za anthu inu musanatsike n'komwe phiri la Chowe.

Lachitatu Che Jaffalie anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. Anatulutsa pasipoti yanga, anaiika patebulo, chala chili pamwamba pake. Sanakalipe. Anati, "Akazi ako ndi olimba mtima, Husseni. Koma uwauze kuti msewu wa ku Namwera uli ndi makona oipa, anthu amagwa." Kenako anaibweza m'kabati n'kundifunsa ngati mpando wa kolongedza ukundisangalatsa.

Ndinatuluka, ndipo ndinakutukwanani mumtima njira yonse. Ine ndimati ndikubisa mwana, inu mwakaima naye pabwalo. Koma nditafika pampopi kuti ndisambe m'manja, ndinaona kuti chimene ndinkatetezacho chatha kale. Ndakhala chete miyezi isanu, ndipo malipiro ake ndi akuti tsopano akutchula za msewu umene mkazi wanga amayenda. Ndikakhala chete miyezi ina isanu adzatchula chiyani?

Kuntchito sindinabwerereko. Chikwama changa ndinatenga anzanga ali kufakitale, ndipo ndikugona m'kachipinda ka kuseri kwa mzikiti, Shehe wandilola. Lachisanu ndinapita kwa Thandi, ndinavula kofia, ndinaika kapepala kaja patebulo pake. Tinalemba masamba anayi. Funso lija atafunsanso, ndinayankha.

Tsopano inu. Zakia apite kwa azakhali ake ku Malindi mawa lomwe, sukulu adzapeza. Alamu azigona pakhomopo. Nkhani ya wa njinga uja mukaisiye kupolisi ya pa boma, mupite ndi mwalimu. Mwezi uno sinditumiza kanthu, mugulitse mbuzi ija.

Muli bwanji nonse? Mkwiyo wanga sunathe, koma mundiyankhe msanga.

Husseni

Mayfair, Joni
22 Sepitembala 2024

Amake Zakia,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kuti muli bwino, ndi amayi, ndi Zakia ku Malindiko. Ndamva kuti akuvutitsa azakhali ake ndi mafunso, ameneyo watengera inu. Ine ndili bwino, ndaonda pang'ono. Ndikuthandiza kutsuka makapeti a mumzikiti, ndipo anthu sakundigoneka ndi njala.

Pafoni ndinangoti zatheka. Mvetserani mmene zinayendera. Sitetimenti yanga itapita, a khoti analamula kuti manda a Swadick afukulidwe. Zinandiwawa, ndipo ena a kwathu anasiya kundipatsa moni, akuti ndavula m'bale wathu sanda. Dokotala wa boma anapeza nthiti zinayi zothyoka. Alonda awiri aja ndi Che Jaffalie anamangidwa, ndipo Lachinayi lapitali anapempha belo. Woimira boma anakana, anati akatuluka adzasokoneza mboni. Mboni yake ndi ine, ndiye anandiitana.

Khoti linadzaza ndi a kwathu, a ku Namwera mbali iyi, a kwa Mponda mbali iyo. Che Jaffalie anavala mkanjo woyera. Atandiona anagwedeza mutu mwaulemu ngati takumana pa Idi. Womasulira anali wa boma, mnyasa wa ku Zomba. Woimira boma anafunsa chifukwa chimene ndinasayinira zabodza mu Malichi. Ndinamuuza womasulirayo kuti apa ndiyankha ndekha. Ndinati, "I was intimidated." Lilime silinapunthwe. Majisitireti, mayi wa magalasi, anakweza mutu n'kufunsa funso lomwe lija. Ndinatchula dzina lonse, n'kuloza.

Kenako anaimirira loya wawo, munthu wofatsa ngati sing'anga. Anafunsa ngati Che Jaffalie anandimenyapo. Ndinati ayi. Anandikalipirapo? Ayi. Anandichotsa ntchito? Ayi, anandikweza. Anandipatsa tende, anagulira mwana wanga nsapato za pa Idi? Inde. Anatambasula manja n'kunena kuti mwina mboniyi sikudziwa tanthauzo la liwu limene yaphunzitsidwa, chifukwa zimene ikufotokozazi kwawo amazitcha chifundo. A ku Namwera anaseka.

Apo Chingerezi chinandithera, ndinabwerera ku Chichewa. Ndinati, "Bwana, munthu uyu mwana wanga sanamuonepo. Ali kuno, mwana ali ku Mangochi. Koma nsapato zinamukwana ndendende, chifukwa anatuma munthu kukatembenuza silipasi yake pakhomo la madrasa. Atatero anandigwira dzanja n'kundiuza njira imene mwanayo amadutsa ali yekha. Ngati kwanu chimenecho ndi chifundo, ndipatseni dzina la sukulu ya mwana wanu." Womasulira anazengereza, majisitireti anamuuza kuti amasulire zonse. Atamasulira, loya uja anayang'ana mapepala ake. Kalata ya mwalimu ndi ya apolisi a pa boma zinawerengedwanso, ndiye ulendo wanu uja sunapite pachabe. Belo anawakaniza.

Musaganize kuti zatha. Mlandu weniweni ndi wa chaka chamawa, ndipo ndiyenera kukhala kuno mpaka ndidzaperekenso umboni. Pasipoti yanga ili m'manja mwa apolisi pamodzi ndi zina zonse za m'kabati muja. Thandi akuyesetsa kuti andipatse pepala lokhalira ngati mboni, koma sanandilonjeze. Mng'ono wawo wa njinga uja akadali ku Namwera, ndiye Zakia akhalebe ku Malindi. Mantha sanandichoke, ndimayang'anabe kumbuyo ndikamayenda. Kusiyana kwake n'kwakuti pampopi sindichedwanso.

Amayi a Swadick mukawauze kuti ndinawanamiza, ndipo ndidzabwera kudzagwada pakhomo pawo ndekha. Koma muwauzenso ichi, chimene ndi choona. Mwana wawo ndinamusambitsa bwino, katatu, kuyambira kumanja monga mwa lamulo. Madzi ndinachita kufunditsa. Pamsana sindinakhulepo ndi nsalu, ndinkangothira pang'onopang'ono.

Che Hamisi akupatsirani kaphukusi. Muli nsapato zakuda za kusukulu, za pa kaunjika, ndagula ndi ndalama ya makapeti. Mumuuze Zakia kuti izi ndiye zochokera kwa bambo ake. Ndinaima nthawi yaitali pamsika ndikuzitembenuza, wogulitsa mpaka anatopa nane, chifukwa anandifunsa sayizi ndipo sindinaidziwe. Zaka zitatu sindinaone phazi la mwana wanga. Ndangoyerekeza. Zikakhala zazikulu muike nsanza kutsogolo, adzakuliramo.

Ndine mwamuna wanu,
Husseni